Kusaka Lazaro ku Kabudula

Ine ndine Nelia, telala wa pa Nsaru. Makina anga ali pakhonde la golosale ina, moyang'anana ndi pamene amaima maminibasi. Ngati munasoketsako yunifolomu ya mwana pamenepo n'kupeza kuti yafupika, musandinene ine, mwana wanuyo ndi amene akukula mothamanga.

Ndinabadwira pa esiteti ya fodya, makolo anga anali matenanti. Mwana wa tenanti mukamufunsa kwawo amakutchulirani dzina la esiteti, chaka chamawa mukamufunsanso akutchulirani lina. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, mayi anatsatira nditangotha msinkhu. Chimene anandisiyira n'chakuti kwathu ndi ku Phalombe, ndiponso kuti agogo anga, a Esinati, ankaumba miphika. Phalombe yonse ija, abale, munthu ungayambire pati? Ndinakwatiwa konkuno, ana ndaberekera konkuno, koma pakafunika malume, kaya pachinkhoswe kaya pamilandu ya m'banja, ine ndinkangoyang'ana pansi. Apongozi anga sankanena moipa ayi, ankangoti, "Paja inu kwanu munati n'kuti?" Funso limenelo linkandibaya.

Kasitomala wina ndiye anandilowetsa m'gulu la pa Watsapu lotchedwa Mizu Yathu. Anthu a m'menemo amasakirana abale ndi midzi ya makolo. Uyu alemba kuti agogo ake anapita ku migodi osabwerera, uyo akufuna mudzi wa mayi ake, wina akungofuna kudziwa kumene mfunda wawo unachokera. Amene ali pafupi ndi malowo amanyamuka n'kukafunsa, popanda womulipira. Adimini wake ndi a Rodrick, bambo wa ku Ntcheu amene amagwira ntchito ku Joni, munthu wamtima wabwino koma wosatha kukhala manja ali chete.

Ndinalemba zanga zija mwamanyazi. Ambiri anangoikapo timanja topemphera n'kudutsa. Koma mayi ena, a Judith Namakhwa a ku Chiringa, ku Phalombe komweko, ananditumizira uthenga wa mawu. Iwo kulemba pafoni sakonda, amati zala zawo n'zazikulu kuposa zilembo. Mawu awo anali okhuthala, osathamanga.

"Mwanangu, woumba miphika saiwalika. Undisiyire ine."

Mayi amenewa ndi achikulire, miyendo inawatupa kalekale, amayenda ndi ndodo. Koma anayenda msika ndi msika kufunsa azimayi ogulitsa miphika, mpaka anapeza malume anga, mlongo wawo weniweni wa mayi anga, amene ankaganiza kuti tonse tinatha. Nditapita kumeneko anandionetsa manda a agogo ndi bwinja limene mayi anabadwirapo. Ndinalira ngati mwana. Mayi Judith sindinawapeze, nthawi imeneyo anali atagonekedwa m'chipatala ku Zomba chifukwa cha miyendo yomweyo. Ndinabwerera ndisanawaone nkhope, ndipo pafoni pawo chithunzi anaikapo cha duwa.

Ndiye munthu wotere umamuthokoza bwanji? Ndinawatumizira mtedza, anati zikomo n'kugawira anzawo a kumpingo. Ndinawasokera diresi, anati lakwana bwino. Koma mtima wanga sunakhazikike. Ndinkawavutitsa, "Amayi, nenani chimene ndingakuchitireni." Iwo ankangoseka, amvekere, "Kathandize wina m'gulumo, basi." Ndinkathandizadi. Ndinafika ku Nambuma kukafunsira bambo wina za azakhali awo, ndinafika ku Namitete kukajambula nyumba yakale ya agogo a mtsikana wina wa ku Ulaya. Koma wina ndi wina, si iwo.

Tsiku lina m'mawa ndikudula nsalu, kunabwera uthenga wawo. Unayamba ndi kupuma kwautali, mpaka ndinaganiza kuti angodina mwangozi. Kenako mawu anamveka.

"Nelia, kodi Kabudula ndi kutali ndi kwanuko?"

Ndinayankha kuti ayi, panjinga yamoto munthu umapita n'kubwerako dzuwa likadalipo.

"Ndili ndi mwana kumeneko. Kapena ndinali naye, kanenedwe kake sindikukadziwa."

Anali Lazaro, mwana wawo woyamba. Anakwera lole yotenga matenanti mu 1999, chifukwa kwawoko munda unali wochepa, khasu ukaliponya linkagwera m'munda mwa eni. Chaka choyamba anatumiza moni kudzera mwa anzake obwerera, n'kunena kuti ali pa esiteti ina cha ku Kabudula. Kuchokera apo, zii. Zaka zonsezi mayiwa akhala akupezera anthu ena abale awo, koma za mwana wawo sanatchulepo m'gulu ngakhale kamodzi.

"Bwanji simunanene kale, amayi?"

"Ndinkaopa yankho. Ukakhala sukudziwa umatha kumuganizira kuti ali ku Zambia, ali ndi akazi awiri ndi chimimba. Koma miyendo iyi ikundiuza kuti nthawi yoopa yatha."

Ananditumizira chithunzi cha mnyamata woonda, atavala jekete lomukulira, akumwetulira mokakamiza monga amachitira anthu kwa wojambula. Anandiuzanso kuti chala chake cholozera cha kumanja chinaduka nsonga ndi chikwanje ali mwana, ndipo ankadziwa kuluka malichero. Anavomera kuti tiike zonsezi m'gulu, poti ndiwo mwambo wathu, maso ambiri athandize. Gulu lonse linagwedezeka, paja palibe amene sanathandizidwepo ndi mayi amenewa. Ine ndinalumbira mumtima kuti Lazaro ameneyu ndimupeza, ndimugwira khutu, ndimuika foni pakamwa kuti alankhule ndi mayi ake. Ndinali nditakonzeratu ndi mawu omukalipira.

Maesiteti ambiri a nthawi imeneyo anatha. Ena anagulitsidwa, pamene panali zigafa zoyanikira fodya pano pali soya. Koma ine ndinakulira m'menemo, ndikudziwa amene amakumbukira tenanti. Ndi azimayi a m'midzi yoyandikana, amene ankamupatsa ganyu likatha phoso, chimanga chija mwini esiteti amapatsa tenanti kuti azidya podikira fodya. Choncho Lamulungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndinkakwera njinga yamoto, n'kumakaima pamijigo ndi pazigayo, foni m'manja. Ena ankati nkhopeyo akuidziwa koma sakukumbuka kuti anaionera kuti. Bambo wina analumbira kuti anamuona ku Mchinji akugulitsa zitsulo, ndinapita, ndinakapeza munthu wa zala zonse zathunthu ndi mwano wambiri. Mvula yoyamba inandipeza ndili m'njira. Madzulo aliwonse a Lamulungu mayi Judith ankafunsa, "Wayenda bwanji lero?" Ine n'kumati, "Tikuyandikira, amayi." Kuyandikira kuti, sindinkadziwa.

Pamjigo wina kuseri kwa Kabudula, mayi wina atayang'ana chithunzi anati, "Ife tinali ana. Kafunseni mayi Lines, nyumba yofolera ndi udzu iyo. Nthawi ya njala ija alendo ankathera pakhomo pawo."

Mayi Lines ndinawapeza akuswa mtedza pakhonde, gogo wamfupi, wouma ngati chiputu. Anandiyalira thumba kuti ndikhalepo. Titapatsana moni ndinawaonetsa foni, anaiika patali, anaiyandikitsa, kenako anandibwezera.

"Maso anatha awa, ndikungoona jekete. Mwati anali wotani?"

Ndinanena za chala ndi malichero.

"Aa, aChiringa," anatero pansipansi. "Dzina lawo lenileni sitinkaligwiritsa, tinkangowaitana ndi kwawo. Chala chodukacho ndi chimene ankakanikizira nsungwi poluka."

Ndinasendera pafupi. "Ali kuti, amayi?"

Anaika lichero pansi, anasasa makoko pamiyendo. "Inu ndinu ndani wawo?"

Atangofunsa choncho ndinadziwa. Amene anamvapo funso limeneli akulidziwa.

Anandifotokozera zonse mosabisa. Njala ya 2002 itafika povuta, mwini esiteti ija analeka kupereka phoso, matenanti anabalalika aliyense kwake. Amene anali ndi mphamvu anauyamba ulendo wapansi. Lazaro anatsala, ankati fodya wake ali pafupi kucha, sangabwerere kwa mayi ake chimanjamanja. Ankabwera m'mudzimo kusinthitsa malichero ndi gaga, koma ndani ankafuna lichero popanda chopeta? Mayi Lines ankamugawira kaphala ka gaga kamene ankaphikira ana awo. Kenako nawonso gaga anawathera, anayamba kudya zitsa za nthochi. Mapazi a mnyamatayo anatupa, nkhope inatupa. Tsiku lina anafika, anakhala pansi potsamira khoma la khitchini, anati akupumako pang'ono. Sanadzukenso.

"Tinalibe womutuma ku Chiringa," anatero mayi Lines. "Kuti Chiringa ali mbali iti, sitinkadziwa. Ndipo masiku amenewo maliro anali tsiku ndi tsiku, adzukulu okumba manda nawonso ankagwa ndi chizungulire m'dzenje momwemo. Koma sitinamutaye ayi. Anamuika kumalire kwa manda athu, kumene timaika alendo. Malemu amuna anga anazikapo nkhadze kuti pasasowe."

Ananditengera kumapeto kwa munda wawo n'kundilozera patali, poti kumanda munthu sungangolowa osapempha. M'mbali mwa msitu munali nkhadze yaitali, yobiriwira bwino. Ndinaima pamenepo ndi mawu anga okalipira aja ali pakhosi. Ndinamva chisoni, komanso ndisaname, ndinamva mkwiyo. Mayi Judith anandipatsa malume amoyo, odya ndi kuseka, ine ndikawabwezere chitsamba?

Madzulo ake uthenga unabwera monga mwa masiku onse. "Wayenda bwanji lero?" Ndinayankha kuti, "Ndayenda, amayi, ndatopa. Ndikuuzani bwinobwino." Zoti ndinene pafoni sindinaziganizire n'komwe. Uthenga wa maliro kwa mayi wobereka umapita ndi miyendo. Umafika, umakhala pansi, pamakhala anthu omugwira. Ngakhale masiku ano a mafoni, timaimbira amuna a pamudzi kuti iwo akanene pamaso. Koma ine wa pamudzi pawo ndinalibe nambala yake. Ndinaganiza zopita ine mwini Loweruka, ndikamaliza zovala za ukwati wina zimene ndinali nditalonjeza.

Ndinawaimbira a Rodrick kuti andipezere munthu wa m'gulu wokhala pafupi ndi Chiringa, woti tikalowe limodzi. Anadandaula kwambiri. Ndinawachenjeza kuti asalembe kanthu m'gulu mpaka nditafika. Anati, "Mlongo, pakamwa panga ndatseka."

Pakamwa anatsekadi. Koma gulu lathu lili ndi kachitidwe kake. Munthu wosakidwa akapezeka wamoyo, adimini amaika nkhope yake pachithunzi cha gulu ndi timitima tofiira. Akapezeka kuti anatisiya, amaika nkhope yomweyo ndi kandulo. A Rodrick, ndi chisoni chawo ndi manja awo osakhazikika aja, anaona kuti mwana wa mayi Judith sangamanidwe ulemu umene amalandira ena onse. Sanalembe chilembo ngakhale chimodzi. Anangosintha chithunzi.

Lachiwiri masana ndikupinda m'munsi mwa diresi la mkwatibwi, foni inayamba kulira motsatizana ngati anapiye. Nditatsegula ndinaona Lazaro ndi jekete lake lija, pambali pake kandulo. Pansi pake mauthenga ali mbwee. Mzimu wake uwuse mumtendere. Pepani amayi athu. Mulungu akutonthozeni. Makandulo, nkhope zolira, timanja topemphera, anthu akupikisana kupepesa maliro amene mwini wake sanauzidwe. Ndinayang'ana amene awerenga, dzina la mayi Judith linali pomwepo.

Ndinaimba, foni yawo inali yozima. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Zimene ndinawauza a Rodrick sindingazibwereze pano, ana amawerenga. Iwo ankangoti, "Koma sindinanene kanthu ine, mlongo." Chithunzi anachotsa, koma chinathandiza chiyani? Ndinkangoona gogo uja ali yekha m'nyumba, foni m'manja, wopanda womugwira phewa. Chinthu chimodzi chokha chimene ndikanatha kuwachitira bwino, ndicho kuwauza mwaulemu, chinali chitandipulumuka. Diresi la eni ndinalisoka mokhota, ndinaphwasula, ndinasokanso, misozi ikugwera pansalu yoyera. Lachitatu lonse foni yawo inakhala yozima. Ndinatsimikiza kuti Lachinayi ndikapereka zovala, kaya zatha bwino kaya ayi, ndinyamuka.

Lachinayi chakumasana ndinali nditawerama pamakina, ndikuthamangitsa msoko womaliza.

"Odi pano. Kodi telala Nelia ndi ameneyu?"

Phazi langa linaima lokha. Mawu amenewo ndinawamva kambirimbiri m'khutu, koma sindinawamvepo akuchokera m'kamwa mwa munthu. Nditadzutsa mutu ndinaona mayi wamtali, wathupi, imvi zikusuzumira m'mphepete mwa duku, dzanja lina ndodo, lina kachikwama. Mapazi anali atatupa mpaka kusefukira m'mbali mwa nsapato. Anachoka ku Chiringa Lachitatu m'mawa, anagona padepoti mu Lilongwe.

Ndinagwada pomwepo pakhonde. "Amayi, pepani, ine ndimafuna..."

Anakweza dzanja. "Pano ayi, pali anthu. Kwanu n'kutali?"

Tinayenda pang'onopang'ono kudutsa kuseri kwa msika. Kunyumba ndinawayalira mkeka, ndinawapatsa madzi, anamwa onse. Maso awo anali ouma, ofiira ndi fumbi la m'njira basi. Anaongola miyendo movutikira, kenako anandiyang'ana.

"Pafoni ndinaona makandulo, ndinaizimitsa. Foni sindinaitume ine. Ndinatuma munthu, ndipo munthu amene ndinamutumayo sanandiuze kanthu. Ndiye ndabwera kudzamva. Wayenda bwanji, mwanangu?"

Ndinatuluka kukaitana azimayi awiri oyandikana nawo nyumba, anabwera n'kukhala wina uku wina uku. Ine ndinagwada patsogolo pawo. Ndinayambira pachiyambi, ngati sakudziwa kalikonse. Ndinanena za mjigo, za mayi Lines, za malichero, za phoso limene linaleka kubwera. Ndinanena kuti anakana kuthawa chifukwa sankafuna kufika kwa mayi ake chimanjamanja. Pomaliza ndinati, "Amayi, Lazaro ndamupeza, koma sindinamupeze wamoyo. Anatisiya chaka cha njala, ndipo anaikidwa ndi anthu."

Mayi Judith anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anaika manja kumutu. "Mayo, mwana wanga ine! Ukanangobwera chimanjamanja chomwecho." Kulira kumene anakusunga kuchokera ku Chiringa, m'basi, padepoti, kunatuluka konse m'nyumba mwanga. Anthu atamva anayamba kubwera, azimayi kulowa m'nyumba, azibambo kukhala panja pansi pa mtengo. Ena anabweretsa nkhuni, ena ufa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuonapo Lazaro, koma anakhala nafe.

M'mawa mwake tinakwera njinga zamoto ziwiri kupita kwa mayi Lines. Tinatuma uthenga kwa eni manda, anavomera kuti adzukulu atiperekeze dzuwa likapendeka. Podikira, azimayi awiriwa anakhala pamkeka umodzi. Mayi Judith anafunsa khoma limene anatsamira, anawalozera pamene linali, poti khitchiniyo inagwa kale. Anafunsa ngati anavutika nthawi yaitali, anawauza kuti ayi, anangokhala ngati wagona. Kenako anafunsa chimene ine sindinaganize kufunsa.

"Munamufunditsa chiyani?"

Mayi Lines anayang'ana pansi. "Bokosi kunalibe, amayi, musatione ngati oipa. Tinamukulunga mumphasa imene ndinkagonapo. Nsalu zonse tinali titasinthitsa ndi gaga, ndinatsala ndi chitenje chimodzi cha m'chiuno. Koma kuti mwana wa eni dothi limugwere kumaso, ndinakana. Ndinalowa m'nyumba, ndinavula, ndinapatsira adzukulu pazenera."

"Nanga inu munavala chiyani?"

"Chiguduli cha fodya. Mpaka tinakolola."

Mayi Judith anagwira ndodo, anadzikoka mpaka anaimirira. Ndinafuna kuwathandiza, anandikankha dzanja. Anamasula chitenje chawo cha m'chiuno, chabuluu, chimene anayenda nacho ulendo wonse, anachikutumula fumbi. Anatsala ndi diresi lakale lolekeza m'mawondo, miyendo yotupa ija ili poyera, pamaso pa azibambo amene anali atayamba kusonkhana. Anawerama n'kuwafunditsa mayi Lines m'mapewa.

Mayi Lines anayesa kukana. "Iyayi amayi, muyenda bwanji chonchi pamsewu?"

"Inu munayenda bwanji?"

Mayi Lines anagwira nsonga za chitenjecho pachifuwa. Adzukulu atafika tinanyamuka kulowera kumsitu kuja, mayi Judith patsogolo ndi ndodo yawo, ndipo panalibe amene anayerekeza kuwabwereka nsalu ina.